Boti la pa Zambezi ndi Nyumba ya ku Matero

Inu ana anga mumandiseka kuti ndimakayikira chilichonse. Mumati ngakhale munthu andipatse nthochi, ndimayamba ndaitembenuza kufuna pamene yaola. Sindikukana. Koma sindinabadwe wotero, ndipo popeza tsopano ndili ndi nthawi yochuluka kuposa mano, ndati ndilembe mmene nyumba ino ya ku Matero inatsalira m'manja mwathu. Inu mumangoti ndi kwathu, ngati inachita kumera yokha.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba mu Lusaka inali ya kumbuyo kwa lole, kukweza ndi kutsitsa simenti, malata ndi matabwa pa kampani ina yogulitsa zomangira nyumba. Dzina lake sinditchula, inafa kale ndipo maliro ake tinalira mokwanira. Bwana wanga woyamba anali mzungu amene tinkamutcha Kanunkhiza, chifukwa m'mawa uliwonse ankayenda pa mzere wa madalaivala akununkhiza pakamwa pa aliyense kuti amve ngati wagonera mowa. Anali waukali ndi wotukwana, koma ukali wake unali wa poyera. Akafuna kukuchotsa ntchito ankakuuza pamaso, iwe n'kutenga jekete lako n'kumapita. Nthawi imeneyo ndinkamuda kwambiri. Ndinadzamulakalaka pambuyo pake, nditakumana ndi mabwana oseka.

Amene anandiphunzitsa chiwongolero ndi a Daka, dalaivala wamkulu, munthu wochepa mawu amene ankakhala ku Kanyama m'nyumba yomanga okha. Ukalakwitsa giya ankakumenya pa bondo osakuyang'ana n'komwe. Nditapeza laisensi kampani inanditumiza ku Kabwe, kumene ndinakwatira amayi anu, kenaka ku Ndola. Ku Ndolako ndi kumene ndinakumana ndi Mulenga, makanika wa malole athu, Mubemba wa ku Kasama wa pakamwa posatseka. Mukudziwa chimbuya cha ife a kum'mawa ndi Abemba, kuti timatukwanana popanda mlandu. Tsiku loyamba lenileni, asanandifunse ndi dzina lomwe, anatsegula boneti ya lole yanga n'kunena kuti injini ikununkha mbewa zowotcha. Ine ndinamuuza kuti achotse mchira wake pafupi ndi fani, popeza odya anyani amatengera. Ubwenzi unayambira pomwepo. Atatibweza tonse ku Lusaka, kampani inatipatsa nyumba zoyandikana pa mzere wake wa ku Matero, yake ndi yanga zolekana ndi kampanda ka zitsamba kamene inu ana munakaboola sabata yoyamba.

Zaka za m'ma 1980

Zinthu zinayamba kuthina pang'onopang'ono. Boma linali litatenga kampani, ndipo mabwana ankabwera ndi kupita tisanazolowere ndi nkhope zawo zomwe. Ife madalaivala mavuto a dziko tinayamba kuwamva m'matayala. Tinkachotsa tayala ku lole imodzi kuti inzake iyende, Mulenga n'kumaphwasula malole awiri kuti atulutsemo imodzi, mpaka bwalo la kampani linadzaza zigoba. Kunyumba amayi anu moyo wawo unali wa pa mzere: wa ufa lero, wa saladi wophikira mawa, wa sopo mkuja. Ukaona mzere unkayamba waimapo, kufunsa chimene akugulitsa n'kufunsa uli kale pakati. Ndipo panabwera mawu atsopano akuti kudulira, monga amachitira ndi mitengo ya zipatso. Munthu sankachotsedwanso ntchito ayi, ankaduliridwa.

Woyang'anira nyumba za kampani anali a Zimba, munthu waulemu wovala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lina ananditenga ndi lole, pamodzi ndi kalipentala ndi amuna awiri onyamula katundu, akuti tikukasamutsa munthu. Tinakaima kumapeto kwa mzere wathu womwewu, pa nyumba ya a Sakala, mlonda wathu. A Sakala ndi akazi awo anali ku Petauke ku maliro, ndipo m'nyumba munali ana okhaokha. Anawo anawatulutsa mwaulemu, katundu anamuika pa msewu, kalipentala n'kukhoma loko watsopano. Lole yanga inangonyamula chitofu ndi mabedi a kampani. Pobwerera a Zimba anandifotokozera ngati akundiphunzitsa ntchito, kuti nyumba imene muli munthu wamkulu saikhudza, chifukwa kukoka munthu wamkulu kumaitana khamu, apolisi ndi makhoti, zimene kampani sinkazifuna. Yosavuta ndi nyumba yozizira, yopanda munthu wamkulu, iwo anatero. Ndinangoti inde bwana, koma mtima unandiwawa, ndipo mawuwo ndinawasunga.

Mwezi wa Ogasiti, chaka cha ulendo

Chakumapeto kwa zaka zimenezo tinalandira manijala watsopano amene tinamutcha Kamwetu, chifukwa ankamwetulira ngakhale akukuuza kuti malipiro achedwa. Tsiku lina anatisonkhanitsa pa bwalo n'kulengeza m'Chingerezi kuti kampani ikufuna kuthokoza antchito ake okhalitsa. Anati osankhidwa apita ku Livingstone ndi akazi awo, anyamuka Lachisanu n'kubwera Lamlungu, akagona m'nyumba ya alendo, ndipo Loweruka akakwera boti pa Zambezi kukaona mvuu ndi njovu, zonse kampani ilipira. Anatchula maina, langa ndi la Mulenga analimo. Anthu anaomba m'manja, koma anga anakana. Sabata yomweyo ndinali nditalephera kupititsa simenti ku Chongwe chifukwa kunalibe dizilo, ndiye dizilo wa ku Livingstone wachokera kuti? Kenaka ndinamva Kamwetu akunena kuti pa ulendo wonsewo padzakhala gadi. Apo ndinaimirira.

"Pepani bwana," ndinatero, "gadi ni wa chani? Ise tifuna kuthabila kuti?"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Kalaliki wina anachita kundikokera pansi n'kundinong'oneza kuti bwana sananene gadi, wanena gaidi, munthu woimirira kutsogolo kwa boti n'kumalozera anthu mvuu ndi kuwauza maina a mbalame. Kamwetu anaseka mpaka kutulutsa mpango. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka ba Gadi, ndipo amene analifalitsa Matero yense ndi Mulenga. Ndinachita manyazi, koma chimene chinandipweteka kwenikweni ndinachiona pambuyo: munthu ukasekedwa kamodzi pa gulu, ngakhale ubwere ndi zoona anthu amayamba aseka.

Zoonazo zinabwera kudzera kwa a Daka. Ndinawapeza pansi pa lole akudya chinangwa, ndipo ndinawafunsa ngati akazi awo ayamba kukonzeka. Anandiuza kuti iwo sanaitanidwe. Ndinadabwa, popeza pa kampani yonse panalibe wokhalitsa kuposa iwo. Anati mwina ng'ona za ku Zambezi sizikonda nyama yokalamba, kenaka anandiuza kuti ndiganize bwino za oitanidwawo, kumene amagona. Ndinayamba kuwaona mmodzimmodzi m'mutu. Panalibe wa ku Kanyama, wa ku Chawama kapena wa ku George, amene ankakhala m'nyumba zawozawo kapena za lendi. Onse oitanidwa tinali a pa mzere wa kampani wa ku Matero, mpaka mnyamata wina wa ku sitolo amene anali asanathe ndi zaka zingati zomwe. A Daka anapukuta m'manja n'kungoti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Madzulo ndinauza amayi anu kuti sitipita. Ndinawafotokozera za a Sakala, za dizilo ndi za a Daka. Anamvetsera zonse akusenda nyemba, osandidula. Nditamaliza anaika mbale pansi.

"Atate ake Tisa, zaka zonsezi mwanionetsa chani mu Lusaka muno? Mzere wa unga na mzere wa saladi. Lelo anthu afuna kunionetsa mtsinje, imwe mwati ni msampha."

Ndinawauza kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Anandiyankha kuti nkhuyu za nyerere zomwezo iwo anakula akudya. Tinakangana masiku angapo, mwakachetechete chifukwa cha inu, ndipo ndikuuzeni zoona, mbali ina ya mtima wanga inali kwa iwo. Mtsinje waukulu umene anali atauonapo unali Luangwa yekha, pa windo la basi, ali ndi mwana kumsana ndi wina pamiyendo. Pomaliza iwo ndi amene anapeza njira. Anati ngati nyumba ifuna munthu wamkulu mmodzi, ndiye akuluakulu tilipo awiri: ine wokayikira ndikhale ndiisunge, iwo apite akaone madzi.

Ndinapita kwa Kamwetu kukayesa madzi ndi ndodo. Ndinamufunsa ngati zingatheke kuti mkazi apite yekha, mwamuna atsale chifukwa cha ana. Anandikhazika pa mpando wofewa, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kundiitanitsira tiyi wa shuga m'masiku amene shuga anali wosowa. Anati ayi ba Mbewe, mphatso iyi ndi ya banja, tikufuna nonse awiri, ana muwapititse kwa achibale kuti mukapume bwinobwino opanda nkhawa. Anabwereza za anazo kawiri. Ndinamwa tiyiyo, ndinathokoza, ndinalonjeza kuti tipita tonse. Potuluka ndinatsimikiza kuti ulendowo ndi msampha, chifukwa bwana amene malipiro athu sankamusowetsa tulo sakanayamba mwadzidzidzi kudera nkhawa ana anga.

Pamenepo n'kuti mzere wonse uli pa chikonzekero ngati kukubwera ukwati. Amayi anu ndi bana Chanda, mkazi wa Mulenga, anapita ku Kamwala kukagula chitenje cha mtundu umodzi, telala wa pakhonde n'kuwasokera madiresi ofanana. Sutikesi tinabwereka kwa akazi a mkulu wa mpingo, yopanda loko, yomanga ndi chingwe. Nsapato za nsalu anaziyeretsa ndi choko wa kusukulu. Kamtanda ka sopo wonunkhira kamene amayi anu ankasungira tsiku lalikulu anakadula pakati ndi ulusi, theka la ulendo, theka la Khirisimasi. Anakazinga nsawawa, anathyola mandimu oti azinunkhiza mutu ukayamba kuzungulira pa madzi. Malangizo ndiye anachuluka. Mayi wina wa ku Mongu, kufupi ndi Zambezi, wogulitsa nsomba zouma pa msika anasanduka mphunzitsi wa azimayi onse: anati akhale pakati pa boti, asalowetse dzanja m'madzi, ndipo ng'ona akaiona asaitchule dzina. Mulenga yekha anagula chipewa cha mlaza chachikulu ngati lichero, anaika thabwa pamwamba pa mgolo wogoneka, ndipo madzulo aliwonse ankaimirirapo akupendekeka uku ndi uku, ati akuzoloweretsa miyendo mafunde. Ana a mumsewu wonse ankabwera kudzaonera.

Ine ndinali ndi chikonzekero changa. Ndinathira mafuta m'chotsekera cha chitseko, ndinadzaza madzi m'zidebe zonse, ndinagula makala, ndinaika ndowa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, popeza chimbudzi chinali panja ndipo sindinkafuna kuti nyumba izizire ngakhale nthawi yopita kumeneko. Ndinayenda khomo ndi khomo pa mzere wathu kuwachenjeza anzanga. Ena anandimvera chisoni, ena anandifunsa ngati gadi uja wafika. Mmodzi anandiuza mosabisa kuti ndisiye kulankhula zimenezi, zingamveke kwa bwana tonse n'kutaya ulendo.

Kwa Mulenga ndinapita komaliza, chifukwa ndinkadziwa pakamwa pake. Ndinamupeza pa thabwa lake lija. Ndinamupempha kuti asiye munthu wamkulu m'nyumba, kaya mlongo wake wa ku Chaisa, kaya ndani. Anati mlongo wakeyo ndi amene akukasunga ana, ndipo sangasiye nyumba yake kuti adzasunge makoma.

"Iwe wakudya mbeba, uyopa chani kansi? Wazolobela mu mugodi, ndiye chifukwa uyopa manzi. Nasebenza pa kampani iyi kuchokela nikali na sisi. Banganichite ivo ine?"

Ndinamuuza kuti a Sakala nawonso anali ndi tsitsi pamene ankayamba. Ndinaona kuti mawuwo alowa. Koma anayang'ana kukhonde kumene bana Chanda ankayesa diresi lawo latsopano akuzungulira, n'kutsika pa thabwa, n'kundimenya pa phewa. Anati ngati ndatsimikiza kutsala, ndiye ndimuthandize kudyetsa nkhuku zake ndi kuthirira repu. Anatulutsa kiyi wa nyumba yake n'kundiikira m'dzanja, akuti popeza ndine gadi, ndigwire ntchito yanga.

Lachisanu ndi Loweruka

Lachisanu m'mawa ndinadzifunditsa mabulangete awiri n'kudwala malungo. Inu tinali titakupititsani kale kwa azakhali anu ku Mtendere, kuti ngati zoipa zibwere musazione. Amayi anu anapita okha ku bwalo la kampani kumene basi inkadikira, ndipo anakanena kuti ndikunjenjemera moti sindingakwere galimoto. Anandiuza pambuyo pake kuti Kamwetu atamva, kumwetulira kunachoka kanthawi kochepa ngati magetsi akaphethira, kenaka kunabwerera. Basi inanyamuka anthu akuimba nyimbo za kutchalitchi. Mzere wathu unatsala zii, makatani otseka, nkhuku zokha zikuyendayenda.

Ndinali nditatuma uthenga kwa mlamu wanga wa ku George kuti abwere adzagone m'nyumba ya Mulenga mpaka Lamlungu, ndipo anavomera. Lachisanu lonse sanaoneke. Ndinakhala pa mpando pakhomo, chitseko chotsegula, wailesi ikulira kuti aliyense adziwe kuti muli munthu. Palibe chinachitika. Pofika madzulo ndinayamba kudzifunsa ngati sindine chitsiru chimene chadzimana Zambezi chifukwa cha mantha a m'mutu. Ndinaganiza za mmene Mulenga adzandisekere mpaka imfa, ndipo ndinapemphera kuti zikhale choncho.

Loweruka dzuwa litakwera pang'ono ndinamva injini. Sindinafunike kuyang'ana, inali lole yanga yomwe, ndinaidziwa kutsokomola kwake. Ankayendetsa dalaivala wina wachinyamata, amene atandiona anayang'ana kumbali. Anatsika a Zimba ndi tayi yawo, kalipentala ndi thumba la maloko, ndi amuna onyamula katundu ochuluka kuposa tsiku la a Sakala. Anayambira kumapeto kwa mzere. Ndinkamva nyundo, kenaka mipando ikugunda pa msewu, nyumba ndi nyumba, zikuyandikira. Anthu a mumsewu anatuluka n'kuima patali. Ndinaitana bambo wina wa tsidya lina la msewu, amene tinkapemphera naye, kuti abwere ndimupatse kiyi alowe kwa Mulenga angokhala pa mpando basi. A Zimba anamva, ndipo ananena mokweza pang'ono, mwaulemu ndithu, kuti munthu wakunja wopezeka m'nyumba ya kampani mwini wake kulibe ndi wakuba, apolisi amutenga. Bambo uja analowa m'nyumba mwake n'kutseka chitseko. Sindimuimba mlandu, nayenso anali ndi ana.

Atafika pa nyumba ya Mulenga, a Zimba anabwera kaye pa kampanda kaja n'kundipatsa moni. Anandifunsa za malungo. Ndinati akadalipo. Ndinawauza kuti nyumba iyo ndi ya mbuya wanga Mulenga, wandisiyira kiyi, ndipo ndine wantchito wa kampani, wakuba ayi, ndiye ndikhoza kulowamo n'kukhala. Anavomera kuti ndi zoona, ndikalowamo saikhudza. Kenaka anayang'ana chitseko changa chotsegula, anayang'ananso kalipentala amene anali ataima kale pakati pa nyumba ziwirizo ndi loko m'manja.

"Ba Mbewe," anatero, "matako muli nayo yabili, koma siyankala nyumba zibili. Sankhani pamene munkala, ise tisebenze."

Ana anga, pa moyo wanga wonse wa ntchito sindinakumanepo ndi chinthu cholemera ngati kakiyi kamene kanali m'thumba mwanga nthawi imeneyo. Kuchokera pakhomo panga kufika pa la Mulenga panali pafupi moti tinkapatsana mchere osatuluka. Akulu amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma sananene zochita ngati zako zikupsa nthawi yomweyo ndipo madzi ali m'kapu imodzi. Ndinaganiza za Mulenga, amene anagona pansi pa lole yanga pa mvula ku Kapiri kuti ndisaduliridwe chifukwa cha katundu wochedwa. Ndinaganiza za inu, ndi za amayi anu akubwera ndi sutikesi yobwereka n'kupeza mapoto awo pa msewu, pamene ndinawalonjeza kuti nditsala kusunga nyumba. Ndinadzuka pa mpando, ndinafika pa kampanda, phazi limodzi linalowa pa chiboo chimene munaboola chija. Kalipentala anasuntha kulowera ku khomo langa. Ndinabweza phazi, ndinabwerera, ndinakhala pansi.

Chimene ndinapempha n'chakuti asathyole chitseko. Ndinamuponyera kiyi kalipentala, ndipo ndinawauza amuna aja kuti katundu wa Mulenga asamuike pa msewu, azimudutsitsa pa mpanda n'kumandipatsira pakhomo. A Zimba analola, ndipo anathandiza okha kunyamula makina osokera a bana Chanda. Ndinalandira zonse ndili chiimire pa chitseko changa, osaponda panja: bedi, matiresi, mapoto, bokosi la masipanala, zithunzi za ukwati. Nkhuku ndinazitsekera m'khitchini. Pochoka a Zimba anandifunira kuchira msanga. Mlamu wanga anafika masana zonse zitatha, akuti mabasi kunalibe, ndipo mwina sananame.

Zimene zinatsatira mukuzidziwa pang'ono. Lolemba onse a pa ulendo anauzidwa kuti aduliridwa, ndipo nyumba zija zinagulitsidwa kwa wamalonda wina kuti kampani ipume ku mavuto ake. Ine anandidulira mwezi wotsatira, koma m'nyumba sindinatuluke, ndipo nkhani inakoka m'maofesi zaka, ine ndikuyendetsa minibasi za anthu, mpaka kampani inafa ndipo nthawi inafika yoti okhalamo agule nyumba zimene akukhala. Banja la Mulenga linakhala nafe mpaka mvula itatha, kenaka linapeza zipinda za lendi ku Chaisa. Inu munkaona ngati ndi tchuthi chachitali, kugona ana onse pa mphasa imodzi.

Lamlungu

Anafika dzuwa litapendeka. Basi inawatsitsa pa msewu waukulu, ndipo ndinawamva asanaoneke, akuseka. Ndinaima pa chitseko. Kutsogolo kunali amayi anu ndi bana Chanda m'madiresi awo ofanana, nkhope zitada ndi dzuwa, amayi anu akuoneka ngati mtsikana amene ndinakumana naye ku Kabwe. Kumbuyo kwawo Mulenga, chipewa chili pamutu, akutsanzira gaidi ndi dzanja, kulozera anthu a mumsewu mvuu zosaoneka. Atandiona patali anakuwa kuti ba Gadi, lipoti. Kenaka anakhota pa kona n'kuona katundu wa anthu ali mbwee pa msewu, ndipo kuseka kunazima kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Azimayi ena anayamba kulira. Amayi anu anayang'ana chitseko chathu chotsegula, anayang'ana cha bana Chanda, n'kuika sutikesi pansi n'kumugwira mnzawo dzanja.

Mulenga anapita pakhomo pake yekha. Anagwira loko watsopanoyo, anamutembenuza monga makanika amachitira ndi chitsulo chimene sakuchidziwa, n'kumusiya. Sanadutse pa chiboo cha mpanda. Anazungulira kumsewu n'kubwera pa njira ya alendo mpaka pamaso panga. Kumbuyo kwanga ankaona bedi lake litaimikidwa ku khoma la pabalaza. Ndinayembekeza kuti anditukwane, ndipo ndinkafuna kuti atero, kaya za mbewa, kaya zenizeni.

"Munali kuti pamene banabwela?" anandifunsa.

"Pano," ndinatero. "Pa nyumba yanga."

Anagwedeza mutu. "Munachita bwino, ba Mbewe. Naine sembe n'nachita chimozimozi."

Ine ndinasuntha kuti adutse. Iye sanadutse. Munthu amene zaka zonsezo ankalowa m'nyumba muno ngati mphepo, n'kuvundukula mapoto a amayi anu asanapereke ndi moni womwe, anavula chipewa chake cha mlaza, anachigwira ndi manja awiri, anaima kunja kwa chitseko chotsegula n'kunena kuti, "Odi."

 Amayi anu ndi amene anabwera kumbuyo kwake n'kunena kuti lowani.